Ana asukulu asamathire madzi zojambula za ku Chongoni

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi amene amatenga ophunzira kukaona zojambula za pamiyala ku Chongoni m'boma la Dedza. Dera limeneli lili ndi malo 127 ojambulidwa, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana ambiri amangofika, kujambulitsa pafoni, n'kubwerera osaona kanthu, ena atawononga kumene.

Choyamba, madzi ayi. Pali chizolowezi chowaza madzi pamwala kuti utoto uwale pachithunzi. Madziwo amalowa m'mwala n'kusungunula mchere umene uli m'katimo. Akauma, mcherewo umatulukira pamwamba n'kutundumula utoto, ndipo zimene zagwa sizibwereranso. Zojambula zoyera ndizo sizichedwa kuwonongeka, chifukwa ndi dothi loyera lopakidwa ndi chala, lokhala pamwamba chabe. Kukhudza nako n'chimodzimodzi: thukuta ndi mafuta a m'manja zimadetsa mwala pang'onopang'ono. Choko ndi makala zisiyidwe kusukulu, ndipo pasakolezedwe moto pansi pa thanthwe, poti mwaye ukamatirira, pouchotsa utoto umachoka nawo.

Musalowetse kalasi yonse nthawi imodzi. Pansi pa mapanga ngati la Chentcherere ndi pouma, ndiye ana 60 akamapondaponda fumbi limakwera n'kukakhala pa zojambula. Agaweni m'magulu a ana 10, aime mita imodzi kapena awiri kuchoka pamwala, zikwama atasiya panja. Pitani m'chilimwe, njira zisanayambe kuterera, ndipo mukhale ndi wolondolera wa komweko.

Tsono nkhani yaikulu ndi kaonedwe. Mwana aliyense akhale ndi kope ndi pensulo. Mphindi 10 zoyamba mphunzitsi asafotokoze chilichonse. Mwana asankhe chojambula chimodzi, achiyang'anitsitse, achikopere m'kope momwe chilili, osakongoletsa. Dzanja likamatsata mzere, diso limaona zimene likadalumpha: kuti mzere wina ndi wonenepa ngati chala, kuti timadontho tandandalikidwa mwadongosolo, kuti mbali ina idafufutika.

Akatero muwafunse kuti utoto uti uli pamwamba pa unzake. Pamene woyera wadutsa pa wofiira, ndiye kuti woyerawo udabwera pambuyo. Apa mwana wadzipezera yekha mbiri. Zofiira, zomwe zambiri ndi mizere, madontho ndi zozungulira, akatswiri amati zidajambulidwa ndi Akafula, alenje amene adakhala kuno kale. Zoyera n'za alimi a Chichewa, ndipo zina zidajambulidwa m'zaka za m'ma 1900 zomwezi. Zina mwa izo zimaoneka ngati chikopa cha nyama chotambasulidwa ndipo zimakhudza chinamwali cha atsikana. Zina n'za Nyau. Pamenepa mphunzitsi asamale pakamwa, chifukwa kwa eni dera zimenezi si zakale zokha ayi, ndi mwambo wamoyo. Zimene wolondolera sadanene musazikakamize.

Wolemba kuti "zinali zokongola" sadalembe kanthu. Lipoti la mwana linene mtundu wa utoto, kukula kwa chojambula poyerekeza ndi chikhatho chake (osagunditsa pamwala), mbali imene phanga layang'ana, ndi funso limodzi limene latsala m'mutu mwake.

Sukulu imene ingakwanitse ipitirize ulendo mpaka ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene adayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba zambiri za Gule Wamkulu, ndipo mwana amene wakopera zoyera za pamwala adzaona yekha kuti maonekedwe ena sali achilendo. Kumenekonso njira ndi yomweyo: chinthu chimodzi, mphindi 10, pensulo m'manja, ndipo afunse kaye asanatulutse foni.

Mphunzitsi wa zaluso,
Dedza