Mjigo munakumba, nanga zotsatira za kuyeza madzi zili kuti?

Kwa Bwana Woyang'anira,
Kampani yokumba mijigo

Bwana,

Ndikulemba m'malo mwa komiti ya mjigo umene kampani yanu inakumba chaka chatha m'mudzi mwathu kuno ku Nathenje. Tinagwirizana kuti madzi adzayezedwa ku labotale anthu asanayambe kumwa, ndipo ndalama yake tinalipira pamodzi ndi yokumbira. Mpaka lero pepala la zotsatira sitinalione. Anyamata anu pochoka anangotunga madzi m'kapu, amvekere, "Oyera bwino awa, imwani."

Kuyera kwa madzi si umboni, bwana. Fluoride, mchere wina wachilengedwe wochokera m'miyala ya pansi, saoneka ndi maso, alibenso fungo, ndipo dera lathu limadziwika kuti madzi ake apansi ali naye wambiri. Mukadzabwera mudzaone mano a ana obadwira kuno, ofiirira ngati a munthu wosuta fodya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati fluoride asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Akapitirira, mano a ana amathimbirira adakali m'nkhama, ndipo sadzayeranso ngakhale atatsuka motani. Akachulukitsa, n'kumamwedwa zaka zambiri, amafika poumitsa mafupa ndi msana.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti amayi kuno amayesetsa. Amathira WaterGuard, ena amawononga nkhuni kuwiritsa madzi, poganiza kuti ateteza ana awo. Zimenezi zimapha tizilombo, inde, koma fluoride sachoka. Kuwiritsa kumangomuchulukitsa, chifukwa madzi amatuluka ngati nthunzi iye n'kutsala mumphika. Ndiye ife a komiti tiwauze chiyani, pamene sitikudziwa kuti m'madzimo muli wochuluka bwanji?

Palinso nkhani ya konkire ya pa mjigo. Inang'aluka mvula yoyamba itangogwa, ndipo madzi akuda a pamwamba akulowa pamng'alupo. Ana angapo atsegula m'mimba. Malinga ndi WHO, madzi akumwa sayenera kupezeka ndi tizilombo ta E. coli, topezeka m'chimbudzi, ngakhale kamodzi mu mamililita 100. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ife nkhani ya madzi sitiitenga mwamasewera.

Ngati munayeza, tipatseni pepalalo. Ngati simunayeze, bwerani mudzatunge madzi pamaso pa komiti ndi mlangizi wa zaumoyo, akayezedwe ku labotale ya boma ya zamadzi ku Lilongwe, potsatira muyezo wa MS 733 wa Malawi Bureau of Standards, ndipo zolipira zikhale zanu. Muchite zimenezi mvula isanathe, chifukwa ndi nthawi imene madzi amaipa msanga. Konkireyo muikonze tsiku lomwelo.

Pakatha masabata awiri osamva yankho lanu, tikatula nkhaniyi ku ofesi ya zamadzi kwa DC ndi ku bungwe la boma loona za madzi la National Water Resources Authority.

Ine wanu,
Wapampando wa komiti ya mjigo