Dandaulo pa ntchito yomwe munagwira pa kabuleta ya njinga yanga yamoto

Kwa a Manijala,

Ndaganiza zolemba kalata chifukwa mafoni anga sakuphula kanthu. Ndikaimba amangoti bwana atuluka, andiimbira akabwera, koma mpaka lero kuli zii. Za njingayi ndi ndalama zomwe ndinalipira zili m'mabuku anu, sindizibwereza.

Vuto lomwe ndinabwera nalo linali limodzi: njinga imavuta kulira m'mawa. Kuno ku Dedza kukazizira ndimaponda kiki mpaka mwendo kuchita dzanzi. Amakaniko anu anati asintha majeti, tizitsulo ta timabowo todutsira petulo m'kabuleta (chida chosakaniza petulo ndi mpweya), ndipo zitheratu. Sizinathe. Pano yayamba kutulutsa utsi wakuda, ikumatsamwa ndikamakwera chitunda, ndipo petulo akutha msanga kuposa kale. Pulagi nditaimasula inali bii ndi mwaye, ikununkha petulo.

Makaniko wina wa kuno anatsegula kabuletayo ine ndili pomwepo. Jeti yaikulu ndi yatsopano, yokulirapo kuposa yomwe inalimo. Jeti yaing'ono, yomwe imapereka mafuta polizira injini komanso ikamalira yokha, simunaikhudze n'komwe. Titailozetsa kudzuwa, kuwala sikunadutse pa kabowo kake, kanali katatsekeka ndi litsiro. Kodi amakaniko a kampani ngati yanu sadziwa kuti jeti yaikulu imagwira ntchito munthu akakoka moto kwambiri, osati polizira? Komanso Dedza ili pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye njinga ya kuno sifuna kuwonjezeredwa mafuta. Ndinawauza kumene ndimakhala asanayambe ntchito.

Koma chomwe chandiwawa kwambiri si jeti ayi. Kuchoka kuno kufika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 80, ndipo ndakhala ndikubwera mobwerezabwereza, kusiya ntchito, kuwononga ndalama zoyendera, n'kubwerera chimanjamanja. Ulendo womaliza ndinakhala pa benchi panu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nditapempha kuonana ndi amene anagwira ntchitoyo, mnyamata wa pa kauntala sanadzutse n'komwe nkhope pa foni yake. Anangoti, "Madala, njinga yanuyo yatha ntchito, kagulitseni kwa ogula zitsulo." Anzake anaseka, makasitomala ena akumva. Ine ndi msinkhu wa bambo ake, ndipo ndalama zanga munalandira ndi manja awiri osanena kuti njingayo yatha ntchito. Ngati munaona kuti singakonzeke, bwanji simunandibweze tsiku loyamba lomwelo?

Wina anati vuto ndi ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe omwe amathira mu petulo. Petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, ndipo njingayi yayendera petulo yemweyo zaka zonsezi popanda utsi wakuda. Utsiwu wayamba itatuluka pa galaja panu.

Ndikufuna mundibwezere jeti yanga yakale, yomwe simunandipatse, pamodzi ndi ndalama zonse za ntchitoyi. Kukonza ndikakonzetsa kwina, njinga yanga simudzaigwiranso. Mnyamata uja mumulangize, ndipo mundipepese polemba. Mukapanda kuyankha mwezi uno usanathe, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, malisiti ndili nawo. Anzanga a njinga kuno, omwe ena ndinawalozera kwa inu ndi ine, ndawauza kale zomwe zandichitikira.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
wa ku Dedza