Amphaka aakazi tiziwatseketsa abale kuno ku Joni

A Mkonzi,

Ine ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, pa yadi pathu tilipo Amalawi angapo ndipo amphaka tonse timawafuna chifukwa makoswe a kuno ndi zimphona, koma mphaka akangoswa basi aliyense amvekere "si wanga ameneyo", tiana n'kumangofera kuseri kwa mabini.

Abale, mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere lake n'la miyezi iwiri basi, ndiye pa chaka akhoza kuswa kawiri kapena katatu, inuyo werengani nokha. Wanga ndinakamutseketsa kwa dokotala wa ziweto, amamugoneka tulo n'kumuchotsa chiberekero, ndinamusunga m'nyumba masiku 10 kuti bala lipole, pano kulira kwa usiku kuja kunatheratu ndipo makoswe akugwirabe ngati kale, musamve zoti akatsekedwa amachita ulesi. Ngati m'thumba mwavuta kafunseni ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza, ntchito imeneyi amagwira.

Nanga pogona? Alandilodi ambiri safuna chiweto m'chipinda, koma June ndi July kuno si masewera, chisanu chimachita kuyera pa kapinga. Ine ndinakhoma kabokosi ka matabwa, ndinakakweza pa njerwa kuti madzi a mvula asalowe, khomo laling'ono loti galu asakwanepo, m'kati udzu wouma. Bulangete ayi, likanyowa limazizira koopsa. Aneba ena amandiseka ati ndamumangira nyumba mphaka pomwe kumudzi yanga sinathe, chabwino asekeni.

Ine wanu,
Mayi wa ku Rosettenville