Kalata yochokera ku Mauritius

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumudziko. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya kuhotela ikuyenda.

Achemwali andiuza kuti chithunzi chija ndinatumiza pa WhatsApp chautsa mapiri pachigwa, anthu akuti ndagula galimoto. Ayi Bambo, ija ndi ya hayala. Tinasonkherana anthu anayi ogwira ntchito limodzi n'kubwereka pa tsiku lathu lopuma. Mabasi alipo ambiri, koma kumidzi amaweruka msanga madzulo, ndiye kukaona malo akutali kumavuta. Mayi musade nkhawa, amayendetsa ndi mnzanga amene ali ndi laisensi ya konkuno.

Asanatipatse makiyi tinaizungulira yonse pamodzi ndi mwini wake, tikujambula pa foni paliponse pokalika, ngakhale kachiphuphu ka pachitseko. Ukabweza ndi chilema chosalembedwa amadula pa ndalama ya chikole. Mafuta nawo umabweza monga unawapezera.

Kuno amayenda kumanzere, chimodzimodzi kwathu. Chilumbachi n'chaching'ono, makilomita 65 m'litali ndi 45 m'lifupi, koma ulendo sufulumira. Msewu waukulu wochoka ku Port Louis, likulu la dzikoli, kudzera ku tauni ya Curepipe ndi wotakata bwino. Ukangopatuka, timisewu n'topanikiza, nzimbe uku ndi uku ngati ku Nchalo, ngalande m'mphepete, agalu atagona pa tala penipeni. Pokwera ku Chamarel ndi kona pa kona, mpaka tinakaona dothi lotchuka la mitundu 7.

Koma chimene ndalembera kalatayi ndi Le Morne. Ndi phiri lamwala, mamita 556, laima m'mphepete mwa nyanja kummwera chakumadzulo. M'mapanga ake munkabisala akapolo othawa, ndipo ambiri mwa akapolo a kuno anachokera ku Madagascar ndi ku Mozambique. Ukapolo kuno unatha mu 1835, ndipo pa 1 February chaka chilichonse anthu amasonkhana patsinde pake kukumbukira. Nditaima pamenepo mtima unandiwawa, ndinakumbuka zimene agogo ankasimba za anthu owolotsedwa nyanja ku Nkhotakota osabwereranso. Ndikanakonda mukanaliona ndi maso anu, Bambo. Ndalama yanga ya hayala sindikuidandaula ngakhale pang'ono.

Ya feteleza ndituma kumapeto a mwezi, musagulitse mbuzi. Mundiperekere moni kwa amalume ndi ana onse.

Ndine mwana wanu.