Kukumana kwa osewera: zoti zisinthe mu The Elder Scrolls

Osewera nonse,

Loweruka likudzali tikumana pamalo athu a nthawi zonse, 2 koloko masana. Tikambirana zimene tikufuna mu The Elder Scrolls VI, gemu ya pakompyuta imene kampani ya Bethesda inalengeza mu 2018.

Tiyambira pa Skyrim ya 2011, gemu yachisanu ya The Elder Scrolls. Umapha zinjoka, umafika pokhala mkulu wa College of Winterhold (sukulu ya matsenga ya mugemuyi), koma alonda ena amakuyankhulabe ngati wafika dzulo. Zimenezi zimandinyansa: anthu a mugemu azikumbukira zimene wachita. Tikambirananso zobwezeretsa kupanga matsenga ako wekha, monga zinalili mu Oblivion ya 2006, gemu yachinayi ya The Elder Scrolls. Za ndewu ya lupanga tiona ngati nthawi itsale.

Bweretsani laputopu kapena kontrola, mfundo ziwiri zolemberatu, ndi K2,000 ya zakumwa.

Yankhani pofika Lachinayi ngati mubwera, tidziwe mipando yokonza.