Umphawi usakhale chifukwa cholandira amasiye katundu wawo

Akonzi,

Ndikupempha kuti mundipatse danga m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za mchitidwe wolanda katundu wa amayi ndi ana amasiye, umene ukupitirirabe m'mabanja mwathu ngakhale kuti aliyense amaudzudzula pakamwa. Ndikulemba kalatayi monga munthu amene ndinaona zimenezi zikumuchitikira mlongo wanga wa bere limodzi, ine ndili pomwepo, ndipo sindinatsegule pakamwa. Kukhala chete kwanga kwa tsiku limenelo kwakhala kukundivutitsa mumtima, ndipo ndaganiza kuti mwina ndikafotokoza poyera, amuna anzanga amene ali ndi udindo wa mwinimbumba adzachita bwino kuposa mmene ndinachitira ine.

Mlamu wanga anali kalipentala mumzinda wa Blantyre, ndipo anamwalira m'mwezi wa Juni chaka cha 2023 atadwala kwa milungu yowerengeka chabe. Anasiya mkazi ndi ana anayi, woyamba ali mu Fomu 3 ndipo wotsiriza asanayambe n'komwe sukulu. Banjali silinali lolemera, koma pa zaka 18 za ukwati wawo awiriwa anali atasonkhanitsa tinthu tawo pang'onopang'ono. Anali ndi zipangizo za ukalipentala, njinga yamoto imene mnyamata wina ankachita nayo kabaza n'kumapereka ndalama madzulo alionse, malata a nyumba imene anali atangoyamba kumanga, ndiponso makina osokera amene mlongo wanga anagula ndi ndalama zake za ku banki m'khonde.

Maliro tinakaika kwawo kwa malemuyo ku Phalombe. Pa tsiku lometa, akuchimuna anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa siwa, ndipo malume ake a malemu anatulutsa kapepala m'thumba la jekete n'kuyamba kutchula katundu mmodzimmodzi, mpaka mipando ya pabalaza ndi wailesi, zimene zinasonyeza kuti wina anali atayendera kale nyumba ya mlongo wanga pa nthawi imene ife tinali kalikiliki ndi matenda kuchipatala. Atatha kuwerenga anatembenukira kwa ine n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, katunduyu ndi wa mwana wathu, ife tikasunge kuti ana akadzakula adzamupeze." Mlongo wanga anali pamphasa, m'mutu mwangometedwa kumene, ndipo anadzutsa nkhope n'kundiyang'ana ine chifukwa ndine amene ndinayenera kumulankhulira. Ine ndinawerama. Ndinadziuza mumtima kuti si ulemu kukangana manda akadali aawisi, ndiponso kuti nkhaniyi tidzaikambirana bwino mitima ikazizira. Sabata isanathe galimoto inafika ku Blantyre ndi kunyamula zonse, ndipo m'nyumbamo munangotsala mphasa, miphika ndi matiresi awiri.

Sindingathe kufotokoza zonse zimene banjali linadutsamo m'miyezi yotsatira, koma ndikufuna owerenga aone mmene mayi wolandidwa amapezera njira yoti ana ake adye. Mlongo wanga anasamuka m'nyumba imene ankachita lendi n'kulowa m'kachipinda kamodzi. Ankadzuka usiku tambala asanalire kukazinga mandasi pa mbaula, n'kukawagulitsa pa geti la sukulu, ndipo masana ankachapa zovala za anthu. Ufa ankagula wa m'timapepala tating'onoting'ono timene timangokwanira nsima imodzi, ndipo masiku ambiri iye ankanena kuti wadya kale pamene ana akusamba m'manja, ngakhale kuti sanalawe kanthu. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu zinakwera mtengo nthawi imodzi, ndipo kampamba kake ka mandasi kanasungunuka ngati mchere m'madzi. Amene anamugwira dzanja anali amayi anzake a Mvano, amene ankabwera Lachinayi lililonse atanyamula wina kambale ka ufa, wina sopo, wina tomato, komanso gulu lake la banki m'khonde limene linagwirizana kuti limudikire pa ngongole yake popanda kuwonjezera chiwongoladzanja. Ena anamulangiza kuti akatenge katapila, ena kuti mwana wamkazi woyamba uja asiye sukulu akagwire ntchito ya m'nyumba, ndipo panali bambo wina wamalonda amene anayamba kufunsa za mwanayo m'njira imene mayi aliyense amaidziwa. Zonsezi mlongo wanga anakana, ndipo anandiuza kuti angalole kuyenda wopanda nsapato kusiyana ndi kuti mwana wake alipire ndi moyo wake ngongole imene sanatenge.

Chimene chinandichititsa manyazi kwambiri, komanso chimene chandilimbitsa mtima kuti ndilembe kalatayi, chinachitika patapita miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lina madzulo mlongo wanga anamva odi pakhomo, ndipo atatsegula anapeza apongozi ake, mayi wa malemu mwamuna wake, gogo wofooka amene nyumba yake inagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndipo ankagona m'kachisakasa. Anali atakwera minibasi kuchokera ku Phalombe mpaka ku Limbe, atasenza mutu wa makina osokera aja atawukulunga m'chitenje chakale. Anautula pansi, anakhala pakhonde kuti apume, ndipo mawu awo anali ochepa: "Mwananga, makinawa si a mwana wanga ayi, ndi ako. Ndinkakuona ndi maso angawa ukusokera yunifolomu ya adzukulu anga." Anagona usiku umodzi pamphasa pamodzi ndi adzukulu awo, m'mawa mwake n'kubwerera, ndipo tinamva pambuyo pake kuti kumudziko anawanyoza chifukwa cha zimene anachitazo. Makina amenewo, titawapezera miyendo yogula kwa munthu wina, ndi amene akuphunzitsa ana anayi aja mpaka lero.

Ndikudziwa zimene anthu ambiri amanena poikira kumbuyo olanda katundu, ndipo sindikufuna kuzinyalanyaza. Amati kumudzi kuli umphawi woopsa, ndiponso kuti munthu amene amagwira ntchito m'tauni amakhala mzati wa mtundu wonse, kotero kuti akamwalira abale ake amaona ngati chitsime chawo chauma. Zimenezi n'zoona. Abale a mlamu wanga anali atangotaya mbewu ndi ziweto zawo chifukwa cha namondwe uja, amene anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo anasakaza kwambiri maboma a kummwera monga Phalombe, Mulanje ndi Blantyre. Chaka chotsatira kunabweranso ng'amba, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Njala yotere imawumitsa mitima ya anthu. Komabe pakati pa abale onse aja, amene anali wosauka kuposa wina aliyense anali gogo uja, ndipo ndi yekhayo amene anabweza chimene sichinali chake. Amene anatenga njinga yamoto anali munthu wa golosale, ndipo malata aja anafolera nyumba ya munthu amene anali nayo kale ina. N'chifukwa chake sindivomereza kuti umphawi ndiwo umalanda katundu wa amasiye. Amalanda ndi anthu amene aona kuti mayi wofedwa alibe womuteteza, ndipo mwayi umenewo timawapatsa ndife amene timakhala chete pa msonkhano.

Ena amabisala kumbuyo kwa mwambo, ponena kuti kwa ife a chikamwini chuma cha mwamuna chimapita kwa abale ake ndi ana a mlongo wake. Amene amanena zimenezi amaiwala mmene makolo athu ankakhalira. Mkamwini ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ankalima munda wa kuchikazi, ndipo akamwalira nyumba, munda ndi nkhokwe zinkatsala m'manja mwa mkazi ndi ana, pamene abale ake ankangotenga zovala, nkhwangwa ndi tinthu tina ta m'manja mwake. Ana sankasowa pogona chifukwa atsibweni awo ndi mbumba yonse anali pomwepo. Lero banja limakhala m'tauni pa lendi, mwamuna ndi mkazi amathandizana kupeza chilichonse, ndipo palibe munda kapena nkhokwe yoti ana atsalire nayo. Kutenga mbali imodzi ya mwambo imene ikutikomera n'kusiya mbali imene inkateteza ana ndi kunamizira makolo athu, amene anatiphunzitsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chimene sindinkadziwa pa tsiku lija pansi pa mtengo wa mango n'chakuti malamulo a dziko lino anali kumbali ya mlongo wanga. Malamulo aakulu a dziko a 1994, mu gawo 24, amatchula kulanda amayi katundu, kuphatikizapo wa masiye, monga mchitidwe woyenera kuthetsedwa. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye m'malo mwa lakale la 1967. Lamuloli limanena kuti munthu akamwalira osasiya wilu (kalata yonena mmene chuma chake chidzagawidwire), oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi anthu amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo, ndiponso kuti katundu wa m'nyumba amatsala ndi wofedwayo. Zimenezi zikutanthauza kuti kholo lokalamba ngati gogo uja, limene linkadalira mwana wake, lamulo sililitaya, koma malume kapena mchimwene wodzidalira alibe mphamvu yonyamula mipando. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angakhale nawo kundende mpaka zaka 10, ndipo khoti limalamula kuti katunduyo abwezedwe. Wolandidwa angathe kukadandaula ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lake, kwa Administrator General (mkulu wa boma woona za chuma cha masiye), ku nthambi ya polisi ya Victim Support Unit, kapena ku Legal Aid Bureau ngati alibe ndalama zolipirira loya.

Vuto n'lakuti mayi amene wangoika mwamuna wake sakhala ndi mphamvu zoyenda m'maofesi, ndipo ambiri amaopa kuti akakasuma adzanenedwa kuti ndiwo anapha malemuyo pofuna chuma, kapena kuti ana awo adzalodzedwa. Mlongo wanga anakana kupita kupolisi ngakhale nditamuuza za lamuloli, ponena kuti safuna kuti ana ake adzakule akudziwa kuti mayi awo anamangitsa abale a bambo awo. Ndinalemekeza maganizo akewo ngakhale kuti mumtima ndinkafuna chilungamo. Koma zimenezi zinandiphunzitsa kuti malo enieni otetezera amasiye ndi pa msonkhano wa banja pomwepo, galimoto isanabwere.

Choncho ndikupempha mafumu athu, amene amapatsidwa mwayi wolankhula pa maliro alionse, kuti pamene akuthokoza adzukulu ndi kulengeza chipepeso azinenanso momveka kuti m'mudzi mwawo salola kugawana katundu wa malemu popanda kutsata lamulo. Abusa, ansembe ndi mashehe asamathere pa kutonthoza ofedwa kumanda, koma azitumiza akuluampingo kuti akakhale nawo pa zokambirana za banja, chifukwa anthu amachita manyazi kulanda pamaso pa mboni. Amuna anzanga, kulemba wilu si kudziitanira imfa monga ambiri timaganizira. Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo angathe kulemba zofuna zake papepala ndi kusainira pamaso pa mboni ziwiri, ndipo ine ndinalemba yanga mwezi umene gogo uja anabwera ndi makina, n'kuwauza abale anga onse kuti ndatero.

Kwa inu akonzi, pempho langa ndi lakuti muzisindikiza mfundo za lamulo la chuma cha masiye m'Chichewa chosavuta, mobwerezabwereza, kuti amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi a m'magulu a banki m'khonde aziwerengerana akakumana. Mwana wa mlongo wanga uja analemba mayeso ake a Fomu 4, ndipo patsiku limene zotsatira zinatuluka anapempha ndalama ya minibasi kuti akawauze yekha agogo ake ku Phalombe. Njinga yamoto, malata ndi zipangizo za bambo ake sizinabwezedwe mpaka lero.

Ine wanu,
Mwinimbumba wokhudzidwa,
Blantyre