Mimba ya ubwana ikutitha kuno ku Chigwa

Akonzi,

Mundilole ndidandauleko pang'ono. Mwezi wathawu atsibweni anga kuno ku Ngabu anagwa m'golosale mwawo m'mawa akupereka chenji, mkono ndi mwendo wakumanja kufa pompo, pakamwa kupotoka. Anthu nkuyamba kunong'ona zoti awalodza chifukwa bizinesi ikuyenda. Kuchipatala anakapeza BP ili m'mwamba, shuga nayenso chimodzimodzi, ndipo mimba ija timaitamanda kuti ndi ya ubwana ija adokotala anangoiloza nkupukusa mutu.

Nde ndakhala ndikuwerenga pa foni usiku, poti tulo sitibweranso ndi kutenthaku. Kani mkati mwa mitsempha yathu muli kachikopa kopyapyala kamene kamapanga mpweya wotchedwa nitric oxide kuchokera ku arginine, yemwe amapezeka mu nsomba, mtedza ndi nyama, ndipo mpweyawu ndi umene umafewetsa mtsempha kuti utseguke magazi adutse bwino, ukachepa mtsempha umauma nkumapanikiza magazi ngati paipi yothirira ku dimba imene munthu waiponda. Akatswiri atatu, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, analandira Nobel mu 1998 chifukwa cha nkhani yomweyi. Mpweyawo sukhalitsa, masekondi ochepa watha, nchifukwa chake ofufuza amayeza zotsalira zake, nitrite ndi nitrate, kapena chinthu china chotchedwa ADMA chomwe chimatchinga kuti mpweyawu usapangike. ADMA ameneyu amakonda kupezeka wochuluka mwa anthu a BP, a impso zodwala ndi amene thupi lawo layamba kusamvera insulin, chinthu cha m'thupi chomwe chimatsitsa shuga m'magazi.

Kusamvera insulin kumeneku ndiye phata la zomwe amati metabolic syndrome. Si matenda amodzi ayi, ndi gulu. Mimba yaikulu, BP yofika 130/85, shuga wofika 5.6 mmol/L munthu usanadye kanthu, mafuta a triglycerides ochuluka, ndi kolesitero wabwino uja wa HDL wochepa. Ukakhala ndi zitatu mwa zisanuzi basi uli pa mzere wa shuga, mtima ndi sitiroko, ngakhale sukumva kuwawa paliponse.

Sindikunena kuti tiyambe kuyeza ADMA ku Bangula kapena ku Makhanga, ayi, zimenezo ndi za ma labu akuluakulu. Ine dandaulo langa ndi la zing'onozing'ono. Chaka chatha atsibweni omwewa ndinawakakamiza kupita pa chipatala china chaching'ono, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu, kenaka akutiuza kuti makina a BP mabatire atha, toyezera shuga kulibe. Sanabwererenso, amati ndinawatayitsa makasitomala. Pajatu kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ndiye mabatire awiri angatikanike zoona? Alangizi a zaumoyo amene amabwera ku sikelo ya ana aja bwanji osawapatsanso tepi aziyeza m'chiuno makolo omwe?

Ifenso tisadziyeretse. Tiyi masupuni anayi a shuga eti poti nzimbe zili pakhomo pa Nchalo, Okutobala akafika zakumwa zozizira mabotolo atatu patsiku, mlamba wouma uli kale ndi mchere koma tithiranso wina pambale, kutchalitchi pafupi pomwepa tikwera kabaza wa njinga yamoto. Chikhalirecho kuyenda ndawala kumachititsa magazi kukhuza kachikopa kaja nkumatulutsa nitric oxide wambiri, pomwe fodya amakawononga. Bonongwe amene timamunyoza kuti ndi ndiwo za osauka, wongomera yekha m'madimba mphepete mwa Shire, ali ndi nitrate wambiri yemwe tizilombo tam'kamwa timamusandutsa nitrite, thupi nkupanga naye mpweya uja. Agogo anga ankadya nsima ya mapira ndi bonongwe, kumunda wapansi, ife tikuti chiwaya ndi kanyenya ndiye chitukuko.

Dzulo ndinabwereka tepi kwa telala wa pa msika. Muyezo wa m'chiuno wosonyeza kuti mimba yakula umene amagwiritsa kwa ife a kuno ku Africa ndi masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi. Ine ndinapeza 101, telala kuseka mpaka misozi, ndiye ndinati ayese yake, anakana. Atsibweni pano akuphunzira kudya nsima ndi dzanja lamanzere.

Wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa